Makalata Atatu, Sitampa Imodzi

Pofika chaka cha 1956, Blasius Nikoloma anali atakhala zaka khumi ndi ziwiri pamudzi wa mkazi wake ku Utale, ndipo m'zaka zonsezo anali asanawayang'anepo apongozi ake kumaso. Sikuti panali chidani ayi, unali mwambo basi. Akawaona a Bernadetta akubwera m'njira, iye ankapatukira kutchire, ngakhale mukhale chitedze. Akakhala ndi mawu ankauza mkazi wake Ida, Ida n'kuwanyamula kukawatula kwa amayi ake, yankho n'kubwerera njira yomweyo. Ulemu wa chikamwini ndi wotero, ndipo Blasius ankausunga mosanyinyirika, pakuti analibe kwina kopita. Anabwera ali kumsana kuchokera kwa Apwitikizi, amayi ake anamwalirira ku esiteti ya tiyi ku Mulanje, ndipo mudzi wokha umene ankaudziwa pansi pano unali wa eni akewu.

Chaka chimenecho alimi a thonje anakhazikitsa bungwe lawo la nthambi zinayi: Utale, Balaka, Liwonde ndi Mposa. Nthambi iliyonse inayenera kusankha munthu mmodzi woti akapikisane ndi anzake ku Liwonde pa mpando wa pulezidenti. Mawu akuti pulezidenti anali achilendo koma ankakoma m'kamwa, ndipo amene anawakomera kuposa onse anali a Hudson Kambalame, kalaliki wakale wa ku fakitale ya thonje, munthu wa tayi ndi njinga ya mabelu awiri. Blasius yekha mpandowo sankaufuna. Anamukankhirako ndi anzake, chifukwa chaka chapitacho, mvula itachedwa, ndiye analimba mtima kupita ku Balaka kwa mzungu wa zaulimi kukapempha kuti tsiku lozula mitengo ya thonje alisunthe, popeza thonje linali lisanathe kuphulika. Mzunguyo anawonjezera masabata awiri, ndipo anthu sanaiwale.

A Hudson nawo sanaiwale, koma ulendowo anausunga kuti adzaugwiritse ntchito yawoyawo. Poyamba anayesa zapafupi. Ankaima pamsika n'kumafunsa kuti, "Mwati tikatumize Mnguru ku Liwonde? Eni dziko tatha?" Izi sizinapite patali, chifukwa ku Utale ukanyoza Mnguru wanyoza agogo a theka la anthu amene akukumvetsera. Kenako anagulira mowa oimba a pamowa kuti apeke nyimbo ya matewe a Blasius. Nyimboyo inakoma, anthu anaivina, mwini matewe nayenso anaiseka, ndipo palibe amene anasintha maganizo. Ndipamene a Hudson anakakhala pansi ndi mlamu wawo Willard, mwini sitolo ya pa siteshoni.

Pasitolo ya Willard ndi pamene pankagulitsidwa Liwu la Chigwa, kanyuzipepala ka masamba anayi kosindikizidwa ku Limbe. Kankabwera ndi sitima ya Lachisanu, makope makumi atatu, ndipo kope limodzi linkakwanira anthu makumi awiri, wina akuwerenga mokweza pakhonde, ena atatchera khutu. Muyenera kudziwa kuti masiku amenewo anthu ambiri zilembo za makina ankaziona m'buku la mapemphero ndi pa chiphaso cha msonkho basi, ndipo ziwiri zonsezi sizinali zoti munthu n'kutsutsa.

Lachisanu loyamba munatuluka kalata ya wina wodzitcha Mlimi Wolira, yofunsa mwaulemu kuti kodi munthu uja wa dzina loyamba ndi B amakatani kuofesi ya zaulimi ku Balaka. Lachisanu lachiwiri Mayi Wovutika anati iye anamuona ndi maso ake munthuyo akutuluka muofesimo ali ndi kabuku m'thumba. Lachisanu lachitatu Mwana wa Dziko sanazungulire. Analemba kuti Blasius Nikoloma ndi kazitape wa malimidwe, kuti ndiye amapereka maina a anthu olima matutu, ndipo kuti sanawasiye ngakhale apongozi ake enieni.

Apa ndiye anagunda pachilonda. Boma linali litalamula kuti aliyense azilima mizere yopingasa ndi kukumba migula, ndipo wopezeka ndi matutu ankamutengera kubwalo la milandu. A Bernadetta anabadwa akulima matutu, ndipo anali ndi kamunda kawo kobisika kuseri kwa chulu, kutali ndi msewu. Chaka chathacho kapitawo wa zaulimi anakapeza, matutu onse anawasalaza, mayi wachikulireyo n'kukakumba migula sabata yathunthu pamodzi ndi anyamata, m'manja mukutuluka matuza. Zoona zake n'zakuti kapitawoyo anafikako mwangozi akuthamangitsa nkhanga ndi galu wake. Koma a Bernadetta sanakhulupirire za ngozi, ndipo chaka chonse ankadzifunsa kuti anawalozera ndani.

Loweruka m'mawa Blasius ndi Ida ankatola thonje lomalizira. Ida anatola mzere wonse, kenako anaika dengu pansi.

"Bambo a Martina, amayi akuti musapondenso m'munda mwawo."

"Nyuzi ija wawawerengera ndani?"

"Aliyense. Ngakhale osadziwa kuwerenga akuwawerengera."

"Nanga inu mwati chiyani, amake Martina?"

"Ndawauza kuti ndi bodza, ndalumbira mpaka pa korona. Akuti mkazi aliyense amaikira kumbuyo mwamuna wake, koma pepala lilibe mwamuna." Ida anapukuta m'maso ndi nsonga ya nsalu. "Akuti chisankho chija n'cha Loweruka likubwerali. Chikangotha aitana ankhoswe, inu mutenge mphasa ndi khasu lanu. Ana atsala."

Blasius anakhala pansi pamzere pomwepo. Mpando wa pulezidenti akanaupereka kwa a Hudson lero lomwe, kuwonjezerapo nkhuku, koma ana atatu ndi Ida anali chuma chake chonse. Chimene chinamuwawa kwambiri chinali ichi: iye amene anaima pamaso pa mzungu n'kumutsutsa za tsiku lozula thonje sakanatha kuyenda mapazi makumi atatu kukagwada pakhomo la mayi mmodzi wokalamba n'kunena kuti si ine. Akanatero akanangowonjezera mlandu wa mwano pamwamba pa wa ukazitape. Anaona kuti zimene pepala lawononga ndi pepala lokha lingazikonze, ndipo popeza wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko, Lolemba anakwera sitima ya ku Limbe.

Liwu la Chigwa, limene ku Utale ankaliopa chotero, linkatuluka m'kachipinda kamodzi kuseri kwa sitolo ya Mmwenye. Munali makina amodzi opalasa ndi phazi, mapepala ali mbwee pansi, ndi bambo wina wowonda wa zala zakuda ndi inki. Ameneyo anali a Elliam, mkonzi, mlembi ndi wosesa yemwe.

"Ndinu a Nikoloma?" anafunsa a Elliam akumuyang'ana pamwamba pa magalasi. "Ine ndimayesa ndinu chimunthu chachikulu."

"Ndine ndemwe, bambo. Ndabwera kudzafunsa amene analemba makalata aja."

"Iyayi, zimenezo sitiulula. Nyuzipepala ili ndi malamulo ake."

"Chikamwini nachonso chili ndi malamulo ake," anatero Blasius, ndipo anafotokoza zonse, kuyambira za mvula yochedwa mpaka za mphasa ndi khasu. Sanakweze mawu. Pomaliza anati, "Inu mwadzaza tsamba lanu, ine mwandipasulira banja. Kodi anthu atatu amenewa munawaonapo?"

A Elliam anavula magalasi n'kuwapukuta nthawi yaitali kuposa mmene magalasi amafunira. Kenako anakoka bokosi pansi pa tebulo, anafufuzamo, natulutsa envulopu imodzi.

"Ndikuuzeni zoona, achimwene, ine ndinaona kuti pali chachilendo. Koma mwezi umenewo ndinalibe zoika patsamba lachitatu."

M'envulopumo munali makalata onse atatu. Mlimi Wolira, Mayi Wovutika ndi Mwana wa Dziko anali ndi dzanja limodzi, inki imodzi, ndi mapepala ong'ambidwa m'kope limodzi. Envulopu yomweyo inali yakale, yotembenuzidwa n'kumatidwanso ndi phala. A Elliam ataimatula, mkati mwake munaoneka keyala ya mwini wake woyamba: sitolo ya Willard, Utale.

Amene ankamudziwa Willard sakanadabwa. Anali munthu wouma manja moti kamtengo ka machesi ankakang'amba pawiri. Zinadzamveka pambuyo pake kuti a Hudson anamuuza bwinobwino kuti makalatawo awatumize paokhapaokha, sabata zosiyana, kuchokera ku mapositi osiyana. Willard anavomera ndi mutu, koma atafika pawindo la positi dzanja linakana kugula masitampa atatu pamene imodzi ikanatha kunyamula zonse.

"Lachisanu likubwerali ndiika patsamba loyamba," anatero a Elliam. "Ndipepesa, ndipo ndinena zonse zimene mwaonazi."

Blasius anabwerera kwawo mtima uli m'malo, akuimba nyimbo za kutchalitchi motsitsa m'sitimamo. M'chisangalalo chakecho anaiwala kudzifunsa kanthu kamodzi kapafupi, kuti mtolo wa nyuzipepala ukatsika m'sitima umafikira m'manja mwa yani.

Lachisanu sitima inachedwa, inafika dzuwa litapendeka. Gadi wa sitimayo anaponya mtolo, Willard anauwakha monga mwa nthawi zonse, anadula chingwe n'kuponya diso patsamba loyamba. Blasius anaona nkhope ya munthuyo ikusintha. Willard anamanganso chingwe chija mofulumira, analowa m'sitolo, natuma mkazi wake kukaitana a Hudson, ndipo posakhalitsa mabelu awiri aja anamveka.

"Ndipatseni nyuzi imodzi, a Willard," anatero Blasius ali pakauntala.

"Zatha."

"Zatha bwanji, mtolo mwangoulandira ine ndikuona?"

"Ndagula zonse ndine, achimwene," anayankha a Hudson akukonza tayi. "Ndimakonda kuwerenga. Kodi pali lamulo loletsa munthu kugula makope makumi atatu?"

Lamulo panalibe. Wogulitsa wina wapafupi anali ku Liwonde, tsidya la Shire, ndipo pantoni yoolotsa anthu inkaleka dzuwa likalowa, pamene chisankho chinali cha m'mawa mwake. Blasius anaima pansi pa mtengo wa pa siteshoni osadziwa kolowera. Patapita kanthawi anaona utsi ukukwera kuseri kwa sitolo, a Hudson n'kutuluka akupukuta m'manja, kukwera njinga ndi kumuimbira belu podutsa.

Madzulo ake anamufotokozera Ida, Ida anapita kwa amayi ake, nabwerako msanga.

"Akuti chiyani?"

"Akuti zodabwitsa, pepala lonena zoona ndiye lapsa, lonama n'kutsala. Akuti mupeze nthano ina."

Loweruka anthu anasonkhana pa shedi yogulira thonje, pafupi ndi njanji. Anabwera ochokera ku midzi yonse ya nthambiyo, amuna ndi akazi omwe, popeza aliyense wokhala ndi munda wa thonje anali ndi ufulu wosankha. Woyendetsa zonse anali a Hilary, mphunzitsi wa ku mishoni, amene anakhala patebulo la sikelo ndi pensulo kukhutu. Pamene pasonkhana anthu sipalephera malonda, choncho m'mbali mwa bwalo munali amayi a thobwa, a mtedza, ndi Matilda mkazi wa Willard ali ndi beseni lalikulu la zitumbuwa. Blasius anakhala pabenchi kutsogolo. A Bernadetta anawaona ndi ngodya ya diso atakhala patsinde pa mlambe, atatembenukira kumbali.

A Hudson anayamba kulankhula, ndipo anali munthu wodziwa kulankhula, zimenezo tisawamane. Anatulutsa m'jekete nyuzipepala zitatu zakale zija n'kuzikweza imodziimodzi. "Si ine ndanena," ankatero, "ndi anthu atatu osadziwana, ochokera kosiyana. Ine ndikungowerenga." Anawerenga, anamasulira, anawerenganso, mpaka dzuwa linafika pamutu anthu n'kuyamba kumva njala. Mmodzimmodzi ankanyamuka kupita kwa Matilda n'kubwerera ndi kaphukusi kotentha m'manja.

Itafika nthawi yake Blasius anaimirira, nanena za ulendo wake wa ku Limbe, za envulopu imodzi, ndi za utsi wa dzulo. M'makutu mwake momwe nkhaniyo inkamveka ngati yopeka.

"Lili kuti pepalalo?" anakuwa wina kumbuyo.

"Lapsa," anayankha Blasius, ndipo anthu ena anaseka. Anakhala pansi manyazi atamugwira, akuganiza kuti Lolemba adzalowera kuti ndi mphasa kukhwapa.

Pakati pa anthuwo panali a Usumani, mlimi wa kufupi ndi mtsinje, msilikali wakale amene anaphunzira kuwerenga ku nkhondo ya ku Burma. Atatha chitumbuwa chawo anatambasula pepala lokulungira lija pabondo kuti apichirire fodya, pakuti pepala la nyuzi kwa wosuta linali chinthu chosataya. Koma a Usumani anali ndi chizolowezi chawo, sankasuta pepala asanaliwerenge. Analiyandikiza kumaso, analitalikitsa, kenako anadzuka ndi ndodo yawo.

"A mphunzitsi, pepani ndadula mawu. Lero ndi pa chani?"

"Pa 18 Ogasiti, a Usumani."

"Ndiye ili ndi la dzulo." Anakonza kukhosi n'kuwerenga mwa chisilikali, liwu lililonse palokha: "Atatu onsewa anabwera m'envulopu imodzi, olembedwa ndi dzanja limodzi, ndipo mkati mwa envulopuyo tinapeza keyala ya." Anatembenuza pepalalo uku ndi uku. "Wallahi, pathera pomwepo. Kotsalako kuli ndi ndani?"

Anthu anayang'ana m'manja mwawo. Ena anali atataya kale mapepala awo pansi, ndipo anawerama kuwatola. Ena anali atapukutira pakamwa. Bambo wina anazimitsa ndudu imene anali atangoyatsa n'kuyamba kuimasula mosamala. Osadziwa kuwerenga ankapereka zawo kwa odziwa, ndipo m'kanthawi kochepa tebulo la sikelo linadzaza zidutswa zonyowa ndi mafuta, a Hilary akuzilumikiza ngati mayi wosoka zigamba. Sinali ntchito yovuta, chifukwa chidutswa chilichonse chinalipo kambirimbiri.

Chimene chinachitika n'chakuti Willard, atauzidwa kuti atenthe mtolo wonse, anapita yekha kuseri, natentha kope limodzi ndi makoko a chimanga kuti utsi uoneke. Makope enawo anawayang'ana, oyera, atsopano, osapindika, mtima n'kumupweteka. Anawadula panayi ndi mpeni n'kuwapereka kwa mkazi wake, poganiza kuti pepala likalowa mafuta latha ntchito.

A Hilary anaimirira, nawerenga tsamba lonse kuyambira pamutu wake wakuti Kupepesa kwa a Blasius Nikoloma. A Elliam sanabise kanthu. Analemba kuti makalata atatu aja anali a munthu mmodzi, kuti envulopu inachokera kusitolo ya Willard ku Utale, kuti iwo analibe umboni uliwonse woti a Nikoloma anaperekapo dzina la munthu kuboma, ndipo kuti cholakwa chinali chawo posindikiza zinthu asanafufuze.

Maso onse anatembenukira kwa Matilda, amene anali atagwira kukamwa.

"Ine musandiyang'ane," anatero mayiyo. "Ine sukulu sindinapiteko. Bambo anati n'zakale, ndikulungire."

A Hudson akanakhala chete mwina akanapulumuka, popeza dzina lawo patsambapo panalibe. Koma mkwiyo unawatsogolera. Anatembenukira mlamu wawo, tayi itapotoka, nakuwa pamaso pa anthu onse.

"Iwe, sindinakuuze kuti utenthe zonse?"

Willard anayang'ana pansi, anakanda kumutu, nayankha ndi mawu a munthu amene akuona kuti akumulakwira. "Mapepala abwinobwino, alamu?"

Phwete la pamenepo linamveka mpaka ku siteshoni. Amayi ena anagwa chagada, a Usumani anakhala pansi akupukuta misozi, ndipo a Hilary, munthu wosasekaseka, anabisa nkhope kuseri kwa kope lawo. Amene anafunsa uja kuti pepala lili kuti anabwera kudzamugwira dzanja Blasius, nati, "Pepani, achimwene, tinapusitsidwa tonse." Blasius anamva ngati wamutula katundu amene anamusenza milungu itatu. Komabe sanaseke nawo. Anthu mazana awiri akanatha kukhulupirira, koma mlandu wake unali m'manja mwa munthu mmodzi, ndipo munthuyo anali patali, patsinde pa mlambe, mwina osamva n'komwe.

A Bernadetta anadzuka. Anayenda pang'onopang'ono kulunjika kutebulo, anthu akuwapatukira, ndipo Blasius ataona kuti akuyandikira anachita monga ankachitira zaka zonse, anatsika pabenchi, kunjuta, n'kuyang'ana kumbali. Nkhope yawo sanaione. Ankangomva mawu.

"A mphunzitsi, muwerengenso. Muziloza ndi chala pamene mukuwerengapo."

A Hilary anawerenganso, chala chikuyenda pamafuta.

"Makina ake ndi omwe aja analemba zoyamba zija?"

"Omwewo, mayi."

"Ndiye makinawo akuti ananama?"

"Akuti ananamizidwa, ndipo apepesa."

Kenako Blasius anamva kukhwakhwaza kwa pepala, ndipo Ida anadzamuuza pambuyo pake kuti amayi anatenga chidutswa chimodzi n'kuchimanga pansonga ya nsalu. Koma pa nthawiyo iye sanadziwe kanthu. Anangomva mapazi awo akubwerera.

Chisankho chinali cha mzere. Opikisana awiriwo anaimikidwa kuyang'ana khoma la shedi, motalikirana, ndipo aliyense anayenera kukaima kumbuyo kwa munthu amene akumufuna. Opikisanawo sankaloledwa kucheuka mpaka kuwerenga kutatha. Blasius anayang'ana malata a khomalo, pamene panali ulusi wa thonje utakodwa pamsomali, ndipo ankamva mapazi ambiri akukhwekhwereza kumbuyo kwake, fumbi likulowa m'mphuno. Anadziwa kuti mzere wake ndi wautali, chifukwa mawu a Hilary owerenga ankachokera kutali ndipo ankachedwa kufika. Zimenezo zinamukondweretsa pang'ono chabe. Ankayesa kuzindikira mapazi a munthu mmodzi pakati pa mapazi onsewo, koma sanathe.

"Zana limodzi ndi makumi anayi kudza mmodzi," anatero a Hilary atafika pafupi, "kwa a Nikoloma. Makumi atatu ndi asanu ndi atatu kwa a Kambalame."

Nthungululu zinalira. Blasius anati acheuke, koma Ida, amene anali penapake chakumanzere kwake, ananong'ona mofulumira kuti, "Musatembenuke." Ndipo pomwepo, kumbuyo kwake kwenikweni, pafupi moti mpweya wawo unkamufika pamsana, panamveka mawu a Bernadetta. M'zaka khumi ndi ziwiri anali asanaimepo pafupi naye chotero. Anali oyamba pamzere.

"Ida," anatero mayiwo mokweza, ngati akulankhula ndi munthu wa kutsidya kwa dambo, "uwauze bambo a Martina kuti udzu wa nkhokwe yanga sudzimweta wokha. Za upulezidentizo azikachita ku Liwonde, koma mvula ikamadzagwa ndidzaone atafolera."

Blasius anagwira khoma ndi dzanja limodzi. Misozi inatsika, ndipo sanaibise, pakuti panalibe womuona kumaso.

"Amake Martina," anatero akuyang'anabe malata, "auzeni amayi kuti ndamva. Chikwakwa ndinola lero lomwe."